Kukhazika Mtima Pansi pa Nthaŵi ya Matenda Aakulu

Mau amene adalankhula mai wina wa Chigwirizano, namwino wopuma pa ntchito, pa tsiku la chikondwerero chathu

Ndithokoza komiti chifukwa chondipatsa danga loti ndilankhule pa tsiku lalikulu ngati lino. Pamene adanditumizira mau kuti ndidzanenepo za ntchito yathu yoyendera odwala, ndidayamba ndakana, pakuti alipo amai ambiri pano amene ayenda m'makomo a odwala zaka zochuluka kuposa ine. Koma amai apampando adati, "Inu mudapita kutali ndi wodwala, dzatifotokozereni zimene mudaona kumeneko." Tsono ndaima pano kuti ndifotokoze chinthu chimodzi chimene ndidachiona ku India. Poyamba ndidachikana, koma pambuyo pake chidatithandiza pa masiku oŵaŵa a banja lathu.

Ndidagwira ntchito ya unamwino zaka 31. Ndidabaya jakisoni, ndidatsuka zilonda, ndidagaŵa mapiritsi osaŵerengeka. Koma panali funso limodzi limene odwala ankandifunsa, ine nkusoŵa choyankha. Mai wodwala khansa ankati, "Anamwino, mankhwala ndamwa, nanga usiku wonsewu ndizichita chiyani?" Inu amene mudadwazikapo mukudziŵa zimene ndikunena. Dokotala amamuona wodwala mphindi zoŵerengeka. Ife a Chigwirizano timafika masana, kuimba, kupemphera, kusiya ufa ndi sopo, kenaka nkubwerera kwathu. Maola ena onse wodwala amatsala yekha ndi maganizo ake: ana anga adzatsala ndi yani, fizi idzachokera kuti, kodi chotupachi chikukulabe? Nkhani yanga lero ndi ya maola ameneŵa.

M'chaka cha 2018 akulu anga, amene ndidapondana nawo, adapezeka ndi khansa ya m'maŵere. Adaŵachita opaleshoni konkuno, ndipo adalandira mankhwala a m'diripi. Zitatha izi madokotala adati pafunikanso kuotcha pa malopo ndi makina. Masiku amenewo makinawo kunalibe kuno kwathu, motero odwala ankatumizidwa kunja. Ife tidapita ku India, ine ndili wodwazika, ndipo tidakhalako masabata 7.

Pa chipatala chimene tidafikira panali chipinda china choyalidwa timphasa. M'maŵa ena mai wina ankabwera kudzaphunzitsa odwala zimene iwo amazitcha yoga, pamodzi ndi kusinkhasinkha mwakachetechete. Akulu anga sankagona tulo, ndipo atamva kwa wodwala mnzao kuti iye amapezako bwino akachokera m'chipindamo, adafuna kukaloŵa nawo. Ine ndidaŵaletsa. Ndidati, "Achemwali, musaloŵemo. Tidabwera kudzafuna mankhwala, sitidabwere kudzagwadira mafano." Iwo adangoti, "Chabwino, Nabanda," nakhala chete. Masabata aŵiri adangotembenuka pa bedi mpaka mbandakucha, ine ndili pambali pao, wokhutira kuti ndachita bwino.

Amene adandimasula anali namwino wina wochokera ku Kerala, dera la kumwera kwa India kumene kuli Akhristu ambiri. Iye ankavala kamtanda m'khosi. Tsiku lina adandiitanira pa khonde nati, "Ndiwe namwino ngati ine. Loŵa ukaone wekha. Ukamva kanthu kotsutsana ndi chikhulupiriro chako, utuluke." Ndidachita manyazi, pakuti ndidaletsa chinthu chimene sindidachione nkamodzi komwe. Paja akulu adati safunsa adadya phula. M'maŵa mwake ndidaloŵa. M'menemo munalibe fano, munalibe lubani, panalibe wogwadira kanthu. Amai ena adagona chagada pa timphasa, ena ofooka adakhala pa mipando. Mphunzitsi ankangoti, kokani mpweya, tulutsani pang'onopang'ono, kwezani mkono pamene ungafike, tsitsani. Akulu anga adayamba tsiku lomwelo. Sindinena kuti adagona ngati khanda usiku woyamba, ai. Koma sabata lisanathe ndidaŵamva akuliza mkonono, ndipo misozi idandilengeza.

Nditabwerako ndidafuna kudziŵa kuti zimenezi zidachokera kuti, ndiponso ngati madokotala amazivomereza. Ndikuuzani mwachidule zimene ndidapeza.

Yoga idayamba ku India zaka mazana ambiri zapitazo. Liwulo ndi la chilankhulo chakale cha Sanskrit, ndipo tsinde lake limanena za kumanga pamodzi, monga timamangira ng'ombe ziŵiri m'goli. Sindibisa, mizu yake ili m'zipembedzo za kumeneko, makamaka Chihindu, ndipo kwa ena mpaka lero yoga ndi njira ya chipembedzo. Koma zimene zipatala zidatengako ndi zitatu: kapumidwe, kutambasula thupi mofatsa, ndi kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi. M'chaka cha 2014 bungwe la United Nations lidaika 21 June kukhala tsiku lokumbukira yoga pa dziko lonse.

Mmodzi mwa madokotala oyamba kufufuza zimenezi anali Herbert Benson, dokotala wa matenda a mtima ku Harvard, ku America. Iye adayeza anthu amene ankasinkhasinkha mwakachetechete, napeza kuti mtima wao umagunda pang'onopang'ono ndipo kupuma kwao kumatsika. M'buku lake la mu 1975 adafotokoza kuti zina mwa zofunika kwambiri ndi kubwereza liwu limodzi kapena pemphero lalifupi, ndi kubwerera kwa liwulo mofatsa nthaŵi iliyonse maganizo akathaŵa. Adaonanso kuti liwulo munthu angathe kulitenga m'chipembedzo chake chomwe.

M'chaka cha 1979 Jon Kabat-Zinn adatsegula kiliniki pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts, mu mzinda wa Worcester, ku America komweko. Madokotala ankamtumizira odwala amene ululu wao sunkatha ngakhale adalandira mankhwala. Maphunziro ake ndi a masabata 8. Odwala amakumana kamodzi pa sabata kwa maola aŵiri ndi theka, ndipo kunyumba amachita okha mphindi 45 tsiku ndi tsiku. Iye adatengako zina kwa Abuda, zina ku yoga, nazikonza kuti munthu wa chipembedzo chilichonse azitha kuzichita. Njira yakeyo idafalikira m'zipatala za maiko ambiri.

Nanga kodi zimathandizadi? Ku yunivesite ya Rochester, Karen Mustian ndi anzake adayesa anthu 410 amene adatsiriza mankhwala a khansa koma sankagona bwino. Theka la iwo adachita yoga yofatsa kaŵiri pa sabata kwa masabata 4. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2013, zidaonetsa kuti ameneŵa adayamba kugona bwino kuposa anzao, ndipo adachepetsa mapiritsi a tulo. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, lidasonkhanitsa akafukufuku 24 okhudza amai 2,166 odwala khansa ya m'maŵere. Lidapeza kuti yoga imachepetsa kutopa ndi kusoŵa tulo, ndipo amai amamvako bwino m'moyo wao poyerekeza ndi amene sadachite kanthu. Mu 2018 bungwe lalikulu la madokotala a khansa ku America lidavomereza malangizo akuti kusinkhasinkha ndi yoga zingathandize amai otere pa nkhaŵa ndi kukhumudwa.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu akachita mantha, thupi limakonzeka kuthaŵa, monga mukakumana ndi njoka pa njira ya kudimba: mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, minofu imakungika. Njoka ikapita, thupi limabwerera m'malo. Koma wodwala khansa njoka yake siichoka, amagona nayo ndi kudzuka nayo. Minofu yokungika imawonjezera ululu, ululu umachotsa tulo, kusoŵa tulo kumakulitsa mantha. Tsono m'thupi mwathu muli mtsempha wautali wotchedwa vagus, wochokera ku ubongo kutsikira ku mtima ndi m'mimba, umene ntchito yake ina ndi kubweza liŵiro la mtima. Munthu akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtima nawonso umatsika liŵiro. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Akaphunzira kupuma mofatsa angathe kutsika kufika pafupi ka 6, ndipo thupi limayamba kumasuka.

Pano amai ndipemphe kuti mutchere khutu, pakuti apa ndi pamene anthu amatayikira. Yoga siichiza khansa. Kusinkhasinkha sikuchepetsa chotupa, sikupha kachirombo ka HIV, sikuloŵa m'malo mwa mankhwala a shuga, a chifuwa chachikulu kapena a kuthamanga kwa magazi. Wina akadzakuuzani kuti siyani mankhwala muzingopuma, mthaŵeni. Madokotala a ku yunivesite ya Yale adatsata odwala khansa 281 amene adakana chithandizo cha kuchipatala natsata njira zina zokha, naŵayerekeza ndi anzao 560 amene adalandira chithandizo. M'lipoti lao la mu 2018 adapeza kuti okana chipatala ankamwalira kaŵiri ndi theka kuposa anzao, ndipo kwa amai a khansa ya m'maŵere kusiyanako kudapitirira kasanu. Tonse tidaikapo m'manda mnzathu amene adachedwa kupita ku chipatala chifukwa chokhulupirira mau a anthu. Zimene ndikunena lero zimayenda pambali pa mankhwala, monga ndiwo pambali pa nsima.

Mwina wina akufunsa mumtima funso lomwe ine ndidafunsa: kodi Mkhristu nkuchita zimenezi? Ine sindine mbusa, ndingonena zimene tidachita. Tidatenga kapumidwe ndi kutambasula thupi. Mau achilendo amene aphunzitsi ena amaimbitsa tidaŵasiya, ndipo m'malo mwake akulu anga ankatchula dzina la Yesu mumtima pa mpweya uliwonse. Kukhala chete pamaso pa Mulungu si chinthu chachilendo kwa ife, pakuti timaŵerenga kuti Ambuye mwini ankadzuka kusanache kupita kwayekha kukapemphera. Ngakhale ku India Akhristu ena amachita yoga, ena amaikana. Tsono amene mtima wake ukumletsa asakakamizidwe, ndipo amene akukayika akambirane ndi abusa. Koma musachite ngati ine, kuletsa wodwala chinthu chimene simudachione.

Tsopano ndikuphunzitseni zinthu zitatu zimene mungachite ndi wodwala. Sizifuna ndalama kapena chipangizo, mphasa yokha ikwanira.

Choyamba ndi kapumidwe. Wodwala agone chagada kapena atsamire khoma, dzanja limodzi pa mimba. Akoke mpweya ndi mphuno uku mukuŵerenga mpaka 4, dzanja lija limve mimba ikukwera. Kenaka atulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono, ngati akuuzira phala la mwana, uku mukuŵerenga mpaka 6. Ngati nkotalika kwa iye, fupikitsani, asadzikakamize ndipo asasunge mpweya m'chifuwa. Potulutsa mpweya atchule mumtima liwu lalifupi limene wasankha yekha. Maganizo adzathaŵira kwa ana, ku ngongole, ku manda. Zimenezo zimachitikira aliyense. Akazindikira kuti athaŵa, aŵabweze mofatsa monga mubwezera mbuzi yoloŵa m'munda wa mnzanu, popanda kudzikalipira. Yambani ndi mphindi 5, pambuyo pake mufike 10 kapena 20.

Chachiŵiri ndimachitcha kuyendera thupi. Monga ife timayendera odwala khomo ndi khomo, wodwala amayendera thupi lake chiŵalo ndi chiŵalo. Inu mumalankhula motsitsa mau: mverani zala za kumapazi, zatentha kapena zazizira? Zimasuleni. Kenaka akakolo, maondo, chiuno, mimba, mapewa, nsagwada, chipumi. Mukafika pamene pakuŵaŵa musadumphepo, koma musachedwepo. Phindu lake ndi ili: munthu wodwala kwambiri amafika poganiza kuti thupi lonse lasanduka chilonda. Akaliyendera amapeza kuti mapazi ali bwino, manja ali bwino, ululu uli pa malo amodzi ndipo uli ndi malire.

Chachitatu ndi kutambasula thupi mofatsa. Kuzunguza mapewa, kutembenuza khosi pang'ono uku ndi uku, kupinda ndi kuongola akakolo ali gone, kukweza manja pokoka mpweya ndi kuŵatsitsa potulutsa. Zimene mumaona pa zithunzi, anthu ataima ndi mutu kapena atapindika ngati chingwe, si za odwala athu.

Pali machenjezo amene namwino sangaŵasiye. Ngati khansa yafika m'mafupa, mafupawo amathyoka msanga, choncho wodwala asapotoze msana kapena kuŵerama mwamphamvu. Amene wangochitidwa opaleshoni ayambe wafunsa dokotala asanayambe kutambasula thupi. Amene akubanika asagone chagada. Akhale tsonga, atsamire kutsogolo pang'ono, mutsegule zenera kapena mumkupize kumaso. Akamva chizungulire, alekeze ndi kupuma monga mwa masiku onse. Ena akatsinzina ndi kukhala chete amakumbuka zoopsa zimene adaziona kale, mantha nkukula. Otere atsegule maso, ayang'ane chinthu chimodzi m'nyumbamo, kapena mungoŵagwira dzanja ndi kucheza nawo. Ndipo mankhwala a ululu, ngakhale morphine amene dokotala walemba, amwedwe pa nthaŵi yake. Kupirira ululu umene mankhwala angauchotse si chizindikiro cha chikhulupiriro.

Mai wina wa ku England, Cicely Saunders, amene adayamba ngati namwino nadzakhala dokotala, adatsegula nyumba yosamalira odwala kayakaya ya St Christopher's ku London mu 1967. Iye adaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere suli m'thupi mokha, uli m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, ndipo zonsezi zimakokana. Kuno kwathu ntchito yotere ikuchitika pa malo monga Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima. Koma anamwino a ntchitoyi ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yachuluka kwambiri. Amene amaloŵa m'nyumba za m'midzi sabata ndi sabata ndi ife a maduku oyera.

Akulu anga adabwerako ku India ali bwino, ndipo adakhala zaka zitatu akulima ndi kulera zidzukulu. Mu 2021 matenda adabweranso, ulendo uno m'mafupa a msana. Kutambasula thupi adaleka, koma kapumidwe sadasiye. Morphine ankamwa pa nthaŵi yake. Usiku ululu ukakula nthaŵi ya mankhwala isanakwane, ankandidzutsa nati, "Nabanda, tandiŵerengera." Ine ndinkakhala pa mphasa, dzanja langa pa dzanja lao, nkumaŵerenga motsitsa mau mpaka 4, mpaka 6, kufikira nkhope yao itamasuka. Usiku wina adandiuza kuti, "Matendaŵa andilanda zambiri, koma mpweya uwu ndimauyendetsabe ndekha." Adatisiya m'nyengo ya dzinja, m'nyumba mwao, ana ali pambali. Yoga siidaŵachize. Koma ine amene ndidaona imfa zambiri m'mawodi ndikuchitira umboni kuti mantha sadaŵalamulire. Chimene chimandiŵaŵa mpaka lero ndi masabata aŵiri aja amene ndidaŵamana tulo chifukwa cha kusafunsa kwanga.

Tsono pempho langa pa tsiku la chikondwerero chathu ndi ili. Tikapita kukayendera wodwala, tiziimba ndi kupemphera monga mwa mwambo wathu, pakuti zimenezo nzabwino ndipo odwala amazikonda. Koma nthaŵi zina timaloŵa anthu 15 m'kachipinda kamodzi, mau athu nkudzaza nyumba, ndipo tikatuluka wodwala amatsala wotopa kuposa mmene tidampezera. Ndikupempha kuti gulu likamatuluka, mai mmodzi kapena aŵiri azitsalira. Afunse wodwala ngati afuna, akhale naye pansi mphindi 10, apume naye pamodzi, ndipo aphunzitse wodwazika kuŵerenga kuja, kuti usiku ukafika m'nyumbamo mukhale wina wodziŵa chochita. Wodwazikayo nayenso achite, pakuti iyenso sagona. Paja kuona maso a nkhono nkudekha. Amene afuna kuphunzira tikumane pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi tikatha kudya, mubwere ndi chitenje choyala pansi.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu m'zaka zikubwerazi, atonthoze onse amene akudwala ndi amene akudwazika.